Usiku mu wadi, ndani ayang'anira odwala athu?

Azimai ndi azibambo a m'misika, a ku Soweto, City Market, Matero, Chilenje ndi Mtendere, zikomo posiya matebulo anu kwa kanthawi. Lero tikambe za cipatala, makamaka zimene zimacitika kukada mpaka kuca.

Nkhani iyi muidziwa kuposa ise. Mwana kapena amuna anu akagonekedwa, ndimwe mumakhala bedsider, citenje pansi pafupi ndi bedi. Masana wadi imakhala ndi anthu: madokotala apita round, sister-in-charge alipo, ana a sukulu ya unesi athandizako. Koma usiku amatsala manesi awiri, mwina mmodzi, pa wadi yodzala. Drip ikatha, ndimwe muthamanga kukafuna nesi. Wodwala akayamba kupuma movutika pa 02 hours, ndimwe muyamba kuona. M'mawa mwaphonya order ya tomato, tsiku lonse lapita opanda ngwee.

Sitinabwere kudzanyoza manesi, ai. Ambiri ni ana athu, tinawaphunzitsa ndi ndalama za pa tebulo. Munthu mmodzi sangapime BP, kupatsa mankhwala pa nthawi yake, kutembenuza agogo kuti asacite zilonda za pabedi, uku alemba mafaelo, uku wina afuula ku bedi yakumapeto. Wotopa amalakwitsa, olo akhale wamtima wabwino bwanji.

Ndiye cifukwa cake pali udindo wa night superintendent, nesi wamkulu woyenera kuyenda wadi ndi wadi usiku, kuona kumene kwavuta, kusuntha nesi kupita kumene odwala aculuka, ndi kuitana dokotala msanga. Manje nifunse: inu amene munagonapo mu wadi, munamuonapo kangati? Dzina lake munalidziwa?

Boma lidzatikumbutsa kuti mu 2022 linalemba nchito anthu a zaumoyo opitirira 11,000. Ni zoona, sitikana. Koma litiuze: pa anthu amenewo, ni angati ali pa night duty lero ku Kanyama, Chawama ndi Chipata Level One? Pali manesi amene anatsiriza maphunziro, ena ali kunyumba, ena asewenza ngati ma volunteer. Mu January 2024, kolera itavuta, Heroes Stadium inasanduka cipatala m'masiku ocepa. Boma likafuna, limatha. Nanga usiku wamba, wopanda makamera?

Ife tifuna kuti pa citseko ca wadi iliyonse palembedwe dzina la woyang'anira usiku umenewo ndi nambala yomuimbira, kuti bedsider adziwe kothamangira. Akapita mu wadi asaine m'buku ndi nthawi yake, ndipo akulu a cipatala aziliwerenga m'mawa. Manesi akamasinthana, azipatsana odwala pa bedi pomwe, osati pa desiki cabe. Ndipo magetsi akapita, nesi asamafune mtsempha ndi toci ya foni. Ndalama za NHIMA tilipira, ndiye tili ndi ufulu wofunsa.

Sabata ino pitani ku Neighbourhood Health Committee ya kwanu, mufunse kuti usiku mumakhala manesi angati pa wadi ya ana ndi ya azimai obeleka. A MP anu akabwera pamsika, muwafunse zomwezo pamaso pa anthu. Yankho imene adzakupatsani muibweretse kwa a chairlady a msika, tidzaitenga ku msonkhano wotsatira.