Mau amene mlembi wa achinyamata anakamba kwa amalonda pa nkhani ya NAPSA

 Lelo nifuna tikambe za NAPSA, chifukwa ukalamba ukubwela kwa tonse, wa ku Soweto ndi wa ku Kabulonga yemwe.

Munthu wa pa nchito amadulidwa 5 pelesenti pa malipilo ake, bwana naye aikapo 5 pelesenti. Koma pali malile. Mu 2025 NAPSA inali kuwelengela malipilo mpaka K34,164 chabe pa mwezi, ndiye kuti palibe anadulidwa kupitilila K1,708.20. Manje onani. Wofola K3,000 apeleka K150, 5 pelesenti yonse. Wofola K100,000 mu 2025 anali kupeleka K1,708.20, siinali kufika na 2 pelesenti. Malile awa ni a munthu mmodzi, osati banja, so mwamuna ndi mkazi onse akamafola K100,000, nyumba ija mu 2025 inali kupeleka K3,416.40 pa K200,000.

Sinikamba kuti akuba, iyai. Penshoni yao nayo ili ndi malile. Koma ndalama zotsala amagula nazo maploti, ma bond a boma, kapena alowa penshoni ina ya kampani. Inu zotsala zipita ku chilimba ndi kubweza kaloba.

Amai, mvetselani apa. Ngati amuna anu asebenza ndipo adulidwa NAPSA, akaunti ija ni ya dzina lao, si yanu. Inu muonako ndalama ya amasiye akamwalila. Ukwati ukatha bwanji? Zaka 20 za kugulitsa tomato sizilembedwa paliponse. Kuyambila 2019 lamulo lilola odzisebenzela okha kulembetsa ku NAPSA, choncho tengani NRC yanu mukalembetse pa dzina lanu.

Amuna a pa nchito nawo, chenjelani ndi 20 pelesenti imene analola mu 2023 kwa amene apeleka miyezi 60 kapena afika zaka 45. Imatengedwa kamodzi chabe, ndipo penshoni yanu idzachepa. Penshoni ya mwezi ndi mwezi ifuna miyezi 180 ya kupeleka.

Funso lathu kwa boma ni ili: wa mu ofesi ali ndi bwana womuikilako theka, nanga wamalonda amuikilako ndani? Khonsolo imatenga levy pa matebulo anu. Tifuna gawo la levy imeneyo lizipita ku akaunti ya NAPSA ya amene waipeleka.