Mawu a mlendo wolemekezeka pa tsiku lopereka mphoto kwa ophunzira



Ndisanagwire chanza ana opambanawa, ndili ndi kamlandu ndi ife makolo. Mwana akabwera ndi lipoti labwino timati, "Ameneyu ndi wanzeru, anatengera amalume ake." Mnzake akalephera timati, "Uyu ndi mutu wouma, sukulu si mbali yake." Tamaliza, taweruza, ngati kuti nzeru ndi mtundu wa khungu woti munthu amangobadwa nawo.

M'chaka cha 1998, akatswiri awiri a ku America, Claudia Mueller ndi Carol Dweck, anapatsa ana a ku pulayimale mafunso. Ena anawayamikira kuti ndi anzeru, ena anawayamikira kuti alimbikira. Atabweretsa mafunso ovuta, oyamikiridwa nzeru aja ndi amene anafooka msanga. Ankasankha zophweka poopa kuti dzina lawo lingagwe, ena mpaka kunama za malikisi amene apeza. Oyamikiridwa khama anapitiriza kulimbana nawo mafunsowo. Mwaona? Mawu athu omwewa a chikondi atha kumulemaza mwana.

Koma tisapite kutali. Ku Wimbe, m'boma la Kasungu, njala ya 2001 ndi 2002 inachotsa William Kamkwamba pa sekondale chifukwa makolo ake analibe fizi. Lero anthu amati mnyamata uja anali ndi mphatso. Mwina. Ine chimene chimandigwira mtima ndi china. Buku limene anabwereka ku laibulale, lotchedwa Using Energy, linali la Chingerezi chimene iye sankachimva bwino. Ankayang'ana zithunzi, kufufuza liwu limodzilimodzi, mawa n'kubwereranso. Ankatolatola zinthu kudzala ndi kwina: chokupizira cha thirakitala, mapaipi apulasitiki amene ankawawotcha n'kuwaphwathalitsa, njinga yakutha ya bambo ake. Anthu a m'mudzi ankati wapenga, ena ankati akusuta chamba. Ali ndi zaka 14 anaimika makina ake a mphepo pa milongoti ya bulugama, babu n'kuyaka. Mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College. Akuluakulu sananame kuti kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

Tsono khama limafuna mpata. Mwana wamkazi amene wadzuka tambala woyamba kukatunga madzi, masana wapita kuchigayo, madzulo waphika, adzawerenga nthawi yanji? Mnyamata amene tsiku la msika timamutuma kukagulitsa mandasi, mayeso a PSLCE akamukanika tidzamunena kuti ndi mbuli? Ndikudziwa kuti pakhomo zinthu n'zothina, inenso ndinakulira ganyu. Komabe ola limodzi madzulo, ndi kanyali, tingathe kumupatsa.

Aphunzitsi, kalasi ya ana oposa 100 si masewera, ndipo sindikunyozetsa thukuta lanu. Pempho langa ndi lakuti pochonga makope muzionanso amene anali ndi 30 teremu yatha, lero wafika 48. A hedi, chaka chamawa pakhale mphoto ya mwana woteroyo, makope ndi zolembera zake ndidzagula ndine. A Gulupu ali panowa ndi mboni yanga.

Ana inu amene mayina anu samveka lero, musathamangire kunyumba mwambo ukatha, ndikufuna tionane pansi pa mtengo wa mango uwo. A hedi, tiitanireni woyamba.