Wogwidwa Chifukwa cha Liŵiro Alipire, Tisampepesere



Ndikuthokozani chifukwa chondipatsa mpata wolankhula nanu pa nkhani imene yakhudza mudzi uliwonse muno m'boma la Kasungu, ndiyo nkhani ya njinga zamoto, liŵiro lake, ndi chilango chimene oyendetsa amalandira akagwidwa. Ndafuna kuti mau aŵa afike kwa inu poyamba, pakuti mnyamata akagwidwa pamseu, kaŵirikaŵiri munthu amene amayamba kumuimbira foni ndi mmodzi wa ife tiri muno. Chimene timayankha pa foni imeneyo ndicho mutu wa nkhani yanga lero.

Tiyambe ndi kuiyamika njinga yamoto, popeza yatithandiza. Kale inali ya mlangizi wa zaulimi, ya wa zaumoyo, kapena ya abusa a ku mishoni, ndipo ana ankatuluka m'nyumba kudzaiona ikamadutsa. Lero pa Chinkhoma, pa Chatoloma, pa Nkhamenya, pa Santhe, pa Mtunthama ndi pa Chamama mupeza anyamata a kabaza atandanda ndi njinga za Lifo, King Lion ndi Boxer. Njinga zimenezi zimafika kumene minibasi siifika. Zimanyamula mayi wodwala kupita naye ku chipatala usiku, zimanyamula thumba la feteleza kulifikitsa pakhomo, ndipo zapatsa ntchito anyamata ambiri amene akadangokhala. Palibe mtsogoleri wanzeru amene angafune kuti zichoke pamseu. Chimene tikufuna nchakuti wokwera ndi woyendetsa onse azifika kumene akupita ali amoyo.

Boma lathu lino liri ndi zinthu zitatu zimene zimanyenga woyendetsa. Choyamba ndi dziko lenilenilo. Kuno nkwachidikha, miseu njoongoka, ndipo munthu amaona patali, kotero amaganiza kuti palibe chimene chingamdzidzimutse. Chachiŵiri ndi phula latsopano. M'chaka cha 2022 inayamba ntchito yokonzanso mseu wa M1 kuchokera cha ku bwalo la ndege la Kamuzu kudutsa kuno kumka kumpoto, ndi thandizo la ndalama lochokera ku European Investment Bank ndi ku bungwe la maiko a ku Ulaya. Paliponse pamene maenje atsekedwa, chimene chinkamkakamiza woyendetsa kuchepetsa moto chachoka. Chachitatu ndi nyengo ya fodya. Msika ukatsegulidwa cha mu April, ndalama zimaloŵa m'midzi, njinga zatsopano zimagulidwa, ndipo zimaperekedwa kwa mnyamata amene waphunzira kuyendetsa pa bwalo la mpira madzulo aŵiri okha. Nthaŵi yomweyo mseu umadzaza ndi malole onyamula mabelo kupita ku okushoni ku Chinkhoma ndi ku Kanengo, ngolo zoyenda usiku popanda nyali, njinga zakapalasa, mbuzi, ndi ana a sukulu.

Tsono tiyeni tiŵerengere pamodzi, pakuti liŵiro liri ndi masamu ake amene sasintha. Njinga yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi. Yoyenda makilomita 100 pa ola imadutsa mamita 28. Munthu akaona mwana akuloŵa mumseu, pamapita sekondi imodzi kapena kuposerapo asanagwire buleki, ndipo mtunda wonsewo njinga imaudutsa isanayambe nkomwe kuima. Akagwira buleki, mtunda woimira sungoŵirikiza kaŵiri ai. Liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, mtunda woimira umaŵirikiza kanayi. Onjezanipo katundu: anthu atatu pa mpando umene unapangidwira anthu aŵiri, thumba la chimanga kumbuyo, matayala akutha, ndi mchenga umene mvula yakokolera pa phula. Pamenepo ukatswiri wa woyendetsa suthandizanso kanthu.

Nanga chimene amapindula ndi liŵirolo nchiyani? Pa malo ambiri a malonda chikwangwani chimalemba 50. Tinene kuti malowo ndi aatali makilomita 2. Woyenda pa 50 amawadutsa m'mphindi 2 ndi masekondi 24. Woyenda pa 80 amawadutsa m'mphindi imodzi ndi theka. Wapulumutsa masekondi 54, nthaŵi yosakwana nkupereka moni kwa apongozi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linanena m'chaka cha 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamseu chaka chiri chonse. Bungwe lomwelo limati munthu woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto yoyenda pa 65, mpata woti afe umaposa kanayi wa munthu wogundidwa ndi yoyenda pa 50. Makolo athu sanaŵerenge masamu ameneŵa, komabe anatisiyira mau akuti kuthamanga sikufika.

Ndifotokoze tsopano za chilango, chimene chiri ndi makwerero ake. Lamulo lalikulu loyendetsera nkhani zimenezi ndi Lamulo la za Pamseu la chaka cha 1997, ndipo njinga yamoto limaiŵerengera pamodzi ndi galimoto. Khwerero loyamba ndi chindapusa. Apolisi a pamseu ali ndi makina oyezera liŵiro, amene anthu amangowatcha kamera. Wopyola malire amaimitsidwa, amauzidwa mlandu wake, amalipira, ndipo amapatsidwa risiti ya Boma. Amene akukana mlanduwo ali ndi ufulu wokaonekera ku bwalo la milandu.

Khwerero lachiŵiri limadza chifukwa mlandu wa liŵiro suyenda wokha. Munthu akaimitsidwa amafunsidwa laisensi, ya gulu la A1 ngati njinga nja injini yosaposa 125 cc, kapena ya gulu la A ngati njaikulupo. Amafunsidwa ngati njingayo inalembetsedwa ku ofesi yoona za pamseu ndipo iri ndi nambala, ngati iri ndi inshuwalansi, ndiponso ngati iye ndi wokwera avala zisoti zoteteza mutu. Chosoŵa chiri chonse ndi mlandu wapadera, ndipo njinga yopanda mapepala imatha kusungidwa ku polisi. Pamenepo ntchito yaima, mwini njinga akufuna ndalama zake za tsiku, ndipo kunyumba mphika sutereka.

Khwerero lachitatu ndi bwalo la milandu. Kuyendetsa mosasamala ndi mlandu pa gaŵo 126 la lamulo lija, ndipo ngati munthu wafa, woŵeruza angathe kugamula chindapusa chachikulu kapena ndende, nkulandanso laisensi. Ngati njinga inalibe inshuwalansi, chipukutamisozi cha wovulala ndi cha banja loferedwa chimagwera woyendetsa ndi mwini njinga. Ng'ombe zimagulitsidwa, ndipo ndalama za fodya wa chaka chonse zimathera pa mlandu.

Pamwamba pa makwerero atatuŵa pali chilango china chimene sichidzera kwa woŵeruza. Pitani ku wodi ya amuna pa chipatala cha boma cha Kasungu mukaone miyendo yomangidwa. Amene mafupa awo aphwanyika kwambiri, kapena avulala m'mutu, amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 120, kumene m'chaka cha 2023 kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION. Mlimi wothyoka mwendo mu July sadzafesa nazale mu September, sadzaokera mvula ikagwa, ndipo chigafa chake chidzakhala chopanda kanthu. Mkazi wake amasiya munda nkukakhala pa chipatala monga womdikirira. Tikaika chindapusa cha pamseu pambali pa zonsezi, tiona kuti ndicho chilango chotsika mtengo kuposa zina zonse, ndipo cholinga chake nkumuimitsa mnyamatayo asanakwere makwerero otsalawo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Bambo Wapampando, apa ndipo pamene nkhani ifika kwa ife. Mnyamata wagwidwa pa Chinkhoma. Ndi mwana wa mlongo wathu, kapena ndi amene amatithandiza kumema anthu ku msonkhano, kapena njingayo njathu yomwe tinampatsa kuti azitibweretsera ndalama madzulo. Foni iri kulira: "Bwana, andigwira, alankhuleniko." Ife, pofuna kuoneka achifundo ndi amphamvu, timaimbira wapolisi, timatchula udindo wathu, ndipo njinga imatuluka popanda risiti. Tsiku limenelo timakhala taphunzitsa anthu atatu. Mnyamata waphunzira kuti malire a liŵiro ndi a anthu opanda abale. Wapolisi waphunzira kuti kugwira ntchito yake moona kungamdanitse ndi akuluakulu, choncho maŵa adzangoyang'ana kumbali. Ndipo anyamata ena onse a pa siteji, amene analipira dzulo chifukwa analibe wowaimbira, aphunzira kuti lamulo limasankha nkhope. Tsiku limene njinga yomweyo idzagunda mwana wa sukulu, tidzakhala pa mpando wa kutsogolo pa maliro, tidzapereka chipepeso, ndipo palibe amene adzatchule za foni ija. Koma mlandu suola.

Anyamata a kabaza ali ndi madandaulo, ndipo tiyenera kuwamva. Amati chindapusa nchachikulu poyerekeza ndi zimene amapeza pa tsiku. Yankho lake nlakuti chindapusa chimene sichiŵaŵa sichiletsa kanthu, ndipo njira yochipeŵera njaulere: kuyang'ana chikwangwani ndi kubweza dzanja pa moto. Amatinso nthaŵi zina ndalama zimaperekedwa popanda risiti. Dandaulo limeneli ndi loona mtima, ndipo ndi lathu kulitsata. Ndalama yoperekedwa m'manja popanda risiti ndi chiphuphu, ngakhale tiitche ya fanta, ndipo Lamulo loletsa Katangale la chaka cha 1995 limagwira wopereka ndi wolandira yemwe. Mtsogoleri amene akufuna kuthandiza mnyamata wogwidwa ali ndi funso limodzi loyenera kumfunsa: "Kodi akupatsa risiti?" Ngati wapatsidwa, nkhani yatha, alipire. Ngati sanapatsidwe, nkhaniyo ipite kwa mkulu wa polisi kapena ku bungwe lothana ndi katangale la ACB, poyera ndiponso molemba.

Tidziyang'anenso tokha. Ambiri a inu mumayenda pa njinga za nambala ya MG: alangizi a zaulimi, a zaumoyo, ndi alangizi a sukulu za pulayimale. Njinga imeneyo inagulidwa ndi msonkho wa anthu, ndipo anthu amaiyang'ana. Mlangizi akadutsa pa msika ngati mphepo, chisoti chiri chomangirira kumbuyo, wachotsa mphamvu ya mau onse amene amfumu analankhula dzulo. Chimodzimodzi pa misonkhano yathu. Tikaitana anyamata a njinga kuti aperekeze mlendo wolemekezeka, nkuwalola kuyenda atatuatatu, opanda zisoti, akupikisana ndi kudzaza mseu wonse, timakhala tawauza kuti nsalu ya Chipani ndi laisensi. Kusunga mwambo kumene timakulalikira pa nsanja kuyenera kuonekera poyamba pa ulendo wopita ku nsanjayo.

Kotero ndikupemphani zinthu izi. Mphamvu zimene timataya pomasula njinga ku polisi tizigwiritse ntchito mnyamata asanagwidwe. Makomiti a m'madera alembe maina a anyamata a pa siteji iri yonse, awasonkhanitse, ndipo apemphe a ofesi yoona za pamseu ndi apolisi kuti adzawaphunzitse ndi kuwathandiza kupeza laisensi. Eni njinga, amene ambiri ndi alimi a fodya, aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'Boma, alembetse njinga zawo, azigulire inshuwalansi ndi zisoti ziŵiri, ndipo aleke kuika ndalama ya tsiku yochuluka kotero kuti mnyamata sangaikwanitse popanda kuthamanga. Makhansala apite ku Khonsolo ndi ku Roads Authority kukapempha zikwangwani ndi mahampu pa sukulu ndi pa misika pamene zikusoŵa, pakuti nkosalungama kulanga munthu pa malire amene sanaonetsedwe. Mafumu alangize eni ngolo kuti asayende usiku popanda choŵala. Ndipo amayi athu, amene ndiwo amakwera kabaza kwambiri popita ku sikelo ndi ku msika, alimbikitsidwe kunena kuti, "Achimwene, chepetsani liŵiro, apo ai ndimitseni nditsike." Wolipira ulendo ali ndi mau pa ulendowo.

Potsiriza, nyengo ya fodya ikadzafikanso foni ija idzalira. Wina wa ife adzaiyankha ali mu ofesi, wina ali pa dimba, wina ali pa msonkhano wa nthambi. Ndikupempha kuti yankho lathu lidzakhale limodzi kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya: "Mwana wanga, lipira, tenga risiti, ndipo maŵa ubwere tidzakambirane za laisensi yako." Adzakwiya tsiku limenelo, ndipo mwina adzanena kuti ndife atsogoleri osathandiza. Tilole kuti akwiye ali ndi miyendo yake iŵiri, pakuti mnyamata ameneyo tikumfuna m'munda, m'banja lake, ndi pa ntchito yotukula boma lino.