Mlonda wa Kompyuta

Lero tikambirane za mlonda wa kompyuta. Ena a inu muli ndi ana amene amagwiritsa ntchito kompyuta. Ena mumasunga makalata a gulu lanu m'menemo. Tsono nkhaniyi ndi yanunso.

Kompyuta imagwidwa ndi vairasi. Vairasi imeneyi si kachilombo ka matenda ai. Ndi pulogalamu yoipa imene munthu anaipanga dala. Ina imaononga makalata ndi zithunzi. Ina ndi kazitape. Imabisala n'kumaona zimene mukulemba, monga nambala yachinsinsi ya ku banki, n'kukauza mbala. Vairasi imalowa kudzera pa intaneti, pa imelo, kapena pa fulashi imene yayenda m'makompyuta ambiri.

Mlonda wake ndi pulogalamu yotchedwa antivirus. Kodi mlonda ameneyu ndi wodalirika? Inde, koma osati pa zonse.

Iye ali ndi ndandanda ya mavairasi odziwika. Chilichonse cholowa amachiyerekeza ndi ndandandayo. Amayang'ananso ngati pulogalamu ina ikuchita zokayikitsa. Koma mavairasi atsopano amatuluka tsiku ndi tsiku. Mlonda amene ali ndi ndandanda ya chaka chatha sangazindikire mbala ya lero. Nchifukwa chake ayenera kulandira ndandanda yatsopano pa intaneti kawirikawiri.

Komanso mlonda amalephera ngati khoma lagumuka. M'mwezi wa May 2017, vairasi yotchedwa WannaCry inagwira makompyuta m'maiko oposa 150. Inatseka makalata a anthu n'kumafuna ndalama kuti iwatsegule. Ku Britain zipatala zina zinabweza odwala. Vairasiyo inalowera pa mpata umene unali mu Windows, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta. Chonsecho kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale chotsekera mpatawo m'mwezi wa March. Ambiri amene anavutika ndi aja anachedwa kuchiika.

Chenjeraninso ndi mbala yodzitcha mlonda. Nthawi zina pamatuluka uthenga wakuti kompyuta yanu yagwidwa, dinani apa msanga. Musadine. Nthawi zambiri uthengawo ndiwo msampha. Yambani mwafunsa wodziwa, paja safunsa anadya phula.

Tsono tichite chiyani?

1. Khalani ndi mlonda mmodzi. Alonda awiri amasokonezana. Windows 10 ndi Windows 11 zimabwera ndi mlonda wake, Microsoft Defender, ndipo salipiritsa padera.

2. Lolani kompyuta kulandira zokonza zatsopano. Musamangoti mawa, mawa.

3. Fulashi yachilendo iyambe yapimidwa ndi mlonda musanaitsegule.

4. Musatsegule zimene watumiza munthu wosamdziwa.

5. Makalata ofunika muwasungenso pena, monga pa fulashi yanu imene mumaichotsa mukatha ntchito.

6. Nambala yachinsinsi musauze munthu, ngakhale ataimba foni n'kunena kuti ndi wa ku banki. Mukaulula nokha, palibe mlonda amene angakupulumutseni.

Amayi ndi abambo, tikathira mankhwala m'chimanga timapitabe kukaona ngati anankafumbwe alowa. Kompyutanso n'chimodzimodzi. Mlonda achite mbali yake, inunso muchite yanu. Mukafika kunyumba, funsani ana anu kuti mlonda wa kompyuta yao analandira liti ndandanda yatsopano.