GALU WODZIKANDA: MAU A MLANGIZI WA ZIWETO

Galu ndiye mlonda wa pamudzi, koma galu wodzikanda usiku wonse sangathe kulonda. Kawirikawiri chimene chimamnyerenyetsa ndi utitiri, nkhupakupa kapena mphere.

Agalu ena thupi lao limadana ndi malovu a utitiri. Galu wotere, ngakhale alumidwe pang'ono pokha, amadzikanda masiku ambiri, makamaka pamsana pafupi ndi mchira, kufikira ubweya utathothoka ndipo zilonda zitabuka. Utitiri umodzi waukazi ungathe kuikira mazira 50 pa tsiku. Mazirawo sakhala pa galu ai, amagwera pamene iye amagona. Chifukwa chake munthu wosambitsa galu osasesa pogona pake angotaya sopo pachabe. Mwini galu asese pamalopo masiku onse ndi kutentha zinyalalazo. Chiguduli chogonapo galu achichape ndi madzi otentha ndi kuchiyanika padzuwa.

Mphere zimadza ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakumba m'khungu. Mtundu wina umapatsira agalu ena ndiponso anthu, tsono ana asagone pamodzi ndi galu wamphere.

Ena amapaka galu oilo wakuda wa galimoto. Zimenezi nzoipa ndithu, pakuti galu amanyambita oiloyo nadwala. Mankhwala a dipi ya ng'ombe nawonso angaphe galu akachuluka. Chofunika ndi kupita naye kwa Mlangizi wa Ziweto, amene adzaona chimene chikumvuta ndi kunena mankhwala oyenera. Agalu onse a pakhomopo alandire mankhwala tsiku limodzi, kuopa kuti wotsalayo angapatsirenso anzake.