Za Mantha a Makolo pa Katemera Woyamba wa Khanda

(Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa pacaka, pamaso pa mafumu ndi anthu a ku Chileka ndi a ku Lirangwe)



Mai amene wangoturuka m'cikuta ndi mwana wace woyamba amaopa zinthu zambiri. Amaopa mphepo, amaopa liombo likamira, amaopanso manja a alendo. Tsono si codabwitsa ngati aopanso singano ya ku sikelo. Mantha otere sayenera kusekedwa, pakuti acokera m'cikondi. Koma afunika kuwaunika bwino, kuti cidziwike cimene ciri coopsa ndithu ndi cimene cingooneka ngati coopsa.

Liu lakuti katemera si lacilendo. Licokera ku kutemera, monga atemera mphini. Nkhalamba zambiri za m'midzi yino zikali naco cipsera cacikuru pa mkono, ca katemera wa nthomba, ndipo izo zikumbukira nthenda ija imene inali kupha, kucititsa khungu, ndi kusiya nkhope zodzala zipsera. Katemera wace anampeza Edward Jenner ku England m'caka ca 1796, ndipo m'caka ca 1980 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti nthomba yatha pa dziko lonse lapansi. Koma nthenda ikacoka m'mudzi mantha ace amacoka nayo. Mai wa lero sanaonepo nthomba. Cimene aciona ndi maso ace ndico singano ndi misozi ya mwana, cifukwa cace mantha onse agwera pamenepo.

Mwana akabadwa amalandira madontho a poliyo m'kamwa ndi jekeseni wa BCG pa mkono, woteteza ku cifuwa cacikuru. Patapita masabata angapo paturuka kacotupa pamalo paja, kamene kamasanduka kacironda, nikapola kokha ndi kusiya cipsera. Agogo ambiri akaona kacirondako amafuna kukafinya kapena kuthirapo mankhwala. Cimeneci ncosayenera. Kacirondako ndiko mayendedwe ace a katemerayo, ndipo kafuna kungosiyidwa koyera ndi kouma.

Ciyeso cacikuru cimafika mwana akakwana masabata 6. Tsiku limenelo amabayidwa pa nchafu zonse ziwiri, namwetsedwanso mankhwala m'kamwa. Jekeseni mmodzi ateteza ku nthenda 5 pamodzi, ndipo mwa izo muli kafumbata, cifuwa cokoka mtima ndi nthenda ya ciwindi. Winayo ndi wa cibayo, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi m'caka ca 2011. Wa m'kamwa wa rotavirus, kacirombo kotsegula ana m'mimba, anatsatira m'caka ca 2012, ndipo madokotala a pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, amene anali kuwerenga ana ogonekedwa ndi nthendayo, anapeza kuti anacepa ndithu.

Madzulo a tsiku lomwelo ndipo pamayamba bvuto. Mwana atentha thupi, alira, nchafu itupa pang'ono ndi kuuma, ndipo sagona. Mai amene anapita ku sikelo ndi mwana wamoyo ndi woseka aona ngati wabwerako ndi mwana wodwala, nadzitsutsa mumtima. Bambo afunsa mwaukali kuti, kodi mwanayu amcita ciani? Apongozi nao anena kuti iwo ananeneratu. Zoona zace nzakuti thupi la mwana liri kuphunzira kumenyana ndi nthenda, ndipo kutenthako kumatha mwa tsiku limodzi kapena awiri. Cofunika ndico kumuyamwitsa kawirikawiri, kumcotsa zofunda zolemera, ndi kusatikita nchafu. Panado aperekedwe pa muyeso umene a cipatala anena, osati wongoganizira.

Komatu ziripo zizindikiro zimene siziyenera kudikira mbandakuca. Mwana akakomoka kapena kugwedezeka thupi, akakana bere konse, akalira kosalekeza maora 3, akapuma mobvutika, kapena cotupa cikakula ndi kucita mafinya, athamange naye ku cipatala, ca Chileka, ca Lirangwe, kapena ciri conse ca pafupi. Zotere zicitika kamodzikamodzi. Ndiponso m'dziko la malungo lino nkulakwa kunena kuti kutentha thupi kuli konse ndi kwa jekeseni; kukapitirira masiku awiri, mwana akayesedwe magazi.

Makolo okana katemera kotheratu ngowerengeka. Ocuruka ndi amene amapita koyamba mokondwa, koma atacezera usiku umodzi ndi mwana wolira sabwereranso pa masabata 10 ndi 14. Pamenepa ndi pamene patayika ana. Jekeseni woyamba angoyamba nchito. Waciwiri ndi wacitatu ndiwo aikhwimitsa. Ndipo mai amene waleka pa masabata 6 kawirikawiri saonekanso pa miyezi 9 ndi 15, nthawi ya katemera wa cikuku. Anthu ambiri ayesa cikuku ndi nthenda yaing'ono imene mwana ali yense ayenera kupyolamo, koma m'caka ca 2010 cinagwira anthu oposa 130,000 m'Malawi, nicipha oposa 300. Poliyo nayenso anthu anayesa kuti wapita, pakuti m'caka ca 2020 kunalengezedwa kuti Africa yense wamasuka ku poliyo wa mtundu wolusa. Koma mu February 2022 anapezeka mwa mwana wa zaka 3 ku Lilongwe, ndipo kacirombo kace kanali ka mtundu wa ku Pakistan. Anthu a ku Chileka, amene amva kulira kwa ndege tsiku ndi tsiku, safunika kuwauza kuti nthenda ya kutali ikhoza kufika msanga.

Mlandu uwu suli wa amai okha. Mai wa m'midzi ya kutali ndi mseu wa ku Lirangwe amayenda mtunda wautali ali ndi mwana kumbuyo, atasiya khasu m'munda nthawi yolimira. Akabwera napeza mwamuna wokwiya ndi apongozi omnyoza, sadzapitanso. Bambo amene abwereka njinga, nasunga buku la ku sikelo pamalo posabvumbwa, nafunsa tsiku lobwerera, wacita mbali yaikuru ya nchitoyi. Nao anamwino ndi alangizi a za umoyo ayenera kumuuziratu mai, singano isanalowe, kuti mwana adzatentha thupi usikuwo, pakuti cinthu coneneratu sicidzidzimutsa. Mafumu apemphedwa kulengeza masiku amene alangizi afika ndi katemera m'midzi mwao.

Pali amai ena amene tsiku linawapitirira cifukwa ca maliro, mvula kapena matenda, ndipo tsopano acita manyazi, naopa kukalipiridwa. Amenewa auzidwe kuti katemera sayambidwanso paciyambi. Apitiriza pomwe analekera, ngakhale papita miyezi. Cimfine cacing'ono sicimletsa mwana kubayidwa, ndipo ku zipatala za boma katemera wa ana ngwaulere.