DIMBA NALONSO LIFUNA SUKULU

Mau a mlangizi wa zaulimi kwa makolo a m'midzi

Lero ndifuna kulankhula nanu za anyamata ndi atsikana athu amene anatsiriza sukulu, koma angokhala pamudzi kuyembekeza nchito ya mu ofesi.

Ambiri a ife tiyesa kuti nchito ya m'dimba siifuna maphunziro. Timati khasu ndi cithini cothirira zakwana. Pamenepo tilakwa.

Taonani mtengo wa malalanje. Munthu akabzala njere, kawirikawiri adikira zaka 7 kapena kuposapo asanalawe cipatso, ndipo mtengowo ukhala waminga. Koma wophunzira afesa njere za mandimu m'nazale. Mbande ikanenepa ngati pensulo, iye adula diso pa mtengo wa malalanje wobala bwino, nalilowetsa pansi pa khungwa la mbandeyo, namanga. Mtengo wotere uyamba kubala m'zaka 3 kapena 4, ndipo zipatso zace zifanana ndi za mtengo umene anatengako diso. Ndico cifukwa cace mbande zomezanitsa zigulidwa pa mtengo wokwera. Luso limeneli munthu sabadwa nalo. Aliphunzira ndi mpeni m'manja, mphunzitsi alikupenya.

Kumbukiraninso cimene cinagwa m'caka ca 2016, pamene kagulugufe kochedwa Tuta absoluta kanalowa m'Zambia. Kwao kwa kacilomboka ndi ku South America. Mphutsi zace zidya m'kati mwa masamba a matimati ndi kuboola zipatso. Wosadziwa apopera mankhwala amodzimodzi tsiku ndi tsiku, tizilombo nitizolowera, ndalama nizitha. Wophunzira athyola masamba ogwidwa nawakwirira, asinthasintha mankhwala monga alangizidwa, ndipo awerenga pa botolo masiku oyenera kudikira asanathyole zogulitsa. Adziwanso kuti matimati, impwa, mbatatesi ndi fodya ndi banja limodzi, ndipo sazitsatiza pa munda umodzi.

Nanga maphunzirowa apezeka kuti? Alimi a Kum'mawa adziwa Katopola Farm Institute pafupi ndi Chipata, ndipo m'maboma ambiri muli malo ophunzitsirako alimi kwa masiku owerengeka. Ku Chapula, kufupi ndi Kalulushi, Boma linaika sukulu ya zamasamba ndi zipatso. Ofuna maphunziro apamwamba a zaulimi angathe kufunsira malo ku Monze, ku Mpika, kapena ku Natural Resources Development College mu Lusaka, imene inatsegulidwa m'caka ca 1965. Mlangizi wa kwanu adzakuuzani za makalata ofunika ndi nthawi yolembera.

Nchito yace siithera m'dimba ai. M'matauni, masukulu, mahotela ndi eni nyumba afuna munthu wodziwa kubzala kapinga, kudulira mpanda wa mitengo ndi kusankha mitengo ya mthunzi imene mizu yace siing'amba maziko. Munthu wotere ali mmisiri, monga kalipentala kapena womanga nyumba.

Tsono pempho langa kwa inu makolo ndi ili. Mwana akafuna maphunzirowa, musamseke. Akabwerako, mumdulire malo pafupi ndi madzi, mumthandize kumanga mpanda kuti mbuzi zisalowe, ndipo ndalama za zokolola zace zoyamba mumlole agule nazo mbeu ndi zida. Akulu anati mmera mpoyamba. Mwana amene amezanitsa mbande 20 caka cino adzakhala ndi munda wodyetsa adzukulu anu.